Basi Yopita ku Avereji

Pa fakitale ina ya sopo panali bambo amene anthu onse, kuyambira mlonda wa pageti mpaka eni fakitale, ankangowatchula kuti a Sikelo. Dzinali silinagwe kumwamba. Bamboyu anamerera imvi pa sikelo ya m'nyumba yosungiramo katundu, kuyeza migolo ya mafuta yolowa ndi makatoni a sopo otuluka. Ntchito ankaidziwa, pamenepo tisawanamizire. Ankatola makatoni angapo, n'kuwayeza, n'kuphatikiza makilo ake, n'kugawa ndi chiwerengero cha makatoniwo, ndipo avereji imene inkatuluka sinawachititsepo manyazi. Kwa iwo avereji inali ngati mchere, panalibe ndiwo zimene zikanaukana.

Manenjala wa fakitaleyo atapuma pa ntchito, eni ake anaitana a Sikelo. Eni fakitalewa anali mayi osachulutsa mawu, ndipo tsiku limenelo anali pa changu chifukwa ankanyamuka ulendo wautali wokaona makina atsopano.

"Mpandowu muyambe mwaugwirizira," anatero mayiwo. "Ndikabwerako tidzaona ngati ukukukwanani. Ndikusiyirani ntchito imodzi. Ndagula basi yoti izinyamula antchito m'mawa. Izikawatenga pamalo amodzi. Afunseni anthuwo kumene akufuna, inu mukonze zotsalazo."

A Sikelo anaweramitsa mutu mwaulemu, koma mumtima munkalira ng'oma. Mpando umenewo anaulakalaka kuyambira kale, ndipo chifukwa chake chinali kunyumba.

Akazi awo anali mphunzitsi pa koleji, ndipo ankaphunzitsa masamu a kafukufuku aja otchedwa sitatistikisi. Anali mayi ofatsa, osadzitama ndi sukulu yawo. Vuto linali alamu. Alongo a mayiwa akabwera kudzacheza, asanakhale n'komwe pansi ankayamba: "Alamu, muli bwanji? Mutu wa banja uli kuti, wapita kukaphunzitsa?" Onse ankaseka, a Sikelo nawonso ankaseka, koma kuseka kwawo kunkathera m'mano. Zinkawapweteka. Choncho analumbira chamumtima kuti mpando uwu aupeza ndi mutu wawo okha, popanda kubwereka nzeru ngakhale ya kunsonga ya supuni kwa mlongo wa anthu amenewo.

M'mawa mwake anaitana dalaivala wa basi ija ndi mlembi wa mu ofesi. Dalaivalayo anati basi yaikulu chonchi ingathe kutembenuka bwino malo atatu okha. Anawatchula monga mmene anamubwerera m'mutu: kumsika, ku uvuni wakale wa njerwa, ndi kumlatho. Mlembi analemba momwemo, n'kuika manambala pofuna kuti anthu asavutike ndi kulemba mawu ataliatali. Kumsika kunakhala 1, ku uvuni 2, kumlatho 3. Wantchito aliyense analandira kapepala, analembapo nambala yake, n'kukaponya mu katoni ya sopo imene anaiboola pamwamba. Mlembi analowetsa manambalawo mu kompyuta.

"Ndipatseni avereji," anatero a Sikelo ataima kumbuyo kwake, manja ali m'thumba.

"Avereji ya malo, bwana?"

"Avereji ya manambala. Kodi si manambala amenewo?"

Mlembiyo anali ndi mwana womudikira kusukulu, ndipo anaphunzira kalekale kuti bwana akafuna chinthu umangomupatsa. Anadina, kompyuta nayo sinafunse funso. Panatuluka 1.9. A Sikelo anaiyang'ana nambalayo ngati munthu amene waona mnzake wakale, anaikankhira pa 2, n'kulemba papepala ndi zilembo zikuluzikulu kuti KU UVUNI.

Madzulo a tsiku limenelo banja linakhala patebulo monga mwa masiku onse. Mayi anali mbali ina ndi mulu wa mayeso a ophunzira awo, cholembera chofiira chili m'manja. Bambo anali mbali inayo ndi pepala lawo, akukonza chidziwitso chokapachika pageti. Pakati pawo panali tiyi.

"Abambo, tamverani izi," anatero mayiwo akugwedeza mutu. "Mwana uyu ndinamupatsa manambala a pa malaya a osewera mpira. Waphatikiza onse, wagawa, walemba kuti avereji ya timuyi ndi sikisi. Sikisi chiyani? Makilo? Zaka?"

"Ngati waphatikiza bwino, mukumulakwitsiranji?" anayankha a Sikelo osadzutsa mutu. "Nambala ndi nambala."

"Ayi, bambo. Manambala amangofanana nkhope, ntchito zawo n'zosiyana. Pali ena amene ndi mayina chabe. Goloyi akavala wani, wogoletsa n'kuvala naini, sikuti wogoletsayo ndi magoloyi naini. Oterowo mumangowerenga kuti apa alipo angati, apo alipo angati, kwatha. Pali ena osonyeza kutsogola, monga woyamba pa mpikisano, wachiwiri, wachitatu. Koma sakuuzani ngati wachiwiriyo anatsalira ndi phazi limodzi kapena anafika anthu atabalalika kale. Ndiye pali a kutentha aja. Mipata yake ndi yofanana, koma ziro wake satanthauza kuti kutentha kwatheratu, choncho simunganene kuti madigiri makumi awiri ndi kutentha kwa madigiri khumi kawiri. Omaliza ndi anu a pa sikelo. Ziro ndi sikelo yopanda kanthu, makilo makumi awiri ndi makilo khumi kawiri. Amenewo phatikizani, gawani, chitani nawo zimene mukufuna."

"Ndiye kuti anga ndi amene ali pamwamba," anatero a Sikelo. Pa zonse zimene mayi ananena, iwo anatolapo zokhazo.

Komabe kanthu kena kanawayabwa. Anayang'ana 2 wawo uja, n'kukumbukira goloyi. Funso linakwera mpaka pakhosi. Linali funso laling'ono, loti munthu akanalifunsa uku akutakasa shuga, koma anaona nkhope za alamu awo zikuseka m'maganizo, ndipo analibweza ndi tiyi.

"Nanga pepala limene mwaliphimba ndi mkono ngati mwana wa pa mayeso lili ndi chiyani?" anafunsa mayi. "Ndione?"

"Ndi za ku ofesi izi, mayi. Za mamanenjala."

Mayiwo anangoti "chabwino" n'kubwerera kwa ophunzira awo.

Chidziwitso chitapachikidwa pageti, antchito anaunjikana n'kumachiwerenga mobwerezabwereza ngati kuti mawuwo asintha. Antchito a pa fakitaleyo ankakhala mbali ziwiri. Ambiri ndithu ankakhala cha kumsika, otsalawo, amenenso sanali ochepa, ankakhala kutsidya kwa mlatho. Ku uvuni kunali kutali ndi onsewo, kumapeto kwa msewu wafumbi kumene anthu anasiya kuumba njerwa kalekale. A kumsika anaganiza kuti a kumlatho asankha ku uvuni mwadala, poona kuti aluza, kuti aliyense asapindule. A kumlatho anaganiza zomwezo za a kumsika. Pa nthawi ya nkhomaliro magulu awiriwa anayamba kukhala mofulatirana, ndipo amayi awiri amene ankabwerekana mpeni wosendera zipatso kwa zaka zambiri anasiya kupatsana moni.

Dalaivala anagogoda pa ofesi, chipewa chili m'manja.

"Bwana, kumene mukunditumako ndapitako kukaona. Kuli udzu ndi agalu."

"Manambala sanama, adalaivala," anatero a Sikelo. "Inu ntchito yanu ndi chiwongolero. Kuwerenga mutisiyire ife."

Basi inayamba kuyenda. M'mamawa uliwonse dalaivala ankafika ku uvuni, n'kuimika basi, n'kutsegula chitseko monga mwa lamulo. Ankadikira. Agalu aja poyamba ankauwa, kenako anamuzolowera n'kumabwera kudzagona mumthunzi wa basiyo. Nthawi ikakwana ankatseka chitseko n'kubwerera ku fakitale, mipando ikadali m'mapulasitiki ake a kusitolo. Panjira ankapitirira antchito akuyenda pansi, koma sankaima chifukwa lamulo linati malo ndi amodzi. Eni fakitale akaimba foni kufunsa za basi, a Sikelo ankayankha kuti sinachedwepo ngakhale tsiku limodzi, ndipo sankanama.

Kenako mvula inayamba. Antchito ankafika mochedwa, atanyowa mpaka m'kati, nsapato zili m'manja. Makina ankayamba kulira dzuwa litakwera, ndipo magalimoto obwera kudzatenga sopo ankabwerera osadzaza. Tsiku lina mayi wachikulire wa kolongedza sopo anakumana ndi a Sikelo pakhonde, chitenje chikudontha madzi.

"Bwana, ine ndingofuna ndimuone ndi maso munthu amene anasankha ku uvuni. Sindimumenya ayi. Ndingomuona."

"Mavoti ndi achinsinsi, mayi," anayankha a Sikelo, n'kulowa mu ofesi n'kutseka chitseko.

Kunena zoona, iwonso ankafuna kumuona munthuyo. Usana ankalimba mtima, koma akakhala okha ankadzifunsa kuti anthu onse a avereji aja amabisala kuti m'mawa. Anapeza yankho lowakomera, loti anthu ndi osayamika, ukawapatsa chinthu chaulere amachinyoza.

Mwayi wachiwiri unawapeza patebulo lomwe lija.

"Basi yanu ija ndaiona m'mawa ikudutsa yopanda munthu," anatero akazi awo. "Kodi ikupita kokakonzedwa?"

"Anthu sanaizolowere."

"Basi yaulere, mvula ili chonchi, anthu osaizolowera? Kodi malowo munasankha bwanji?"

"Mwasayansi," anatero a Sikelo, n'kudzuka kukayang'ana ngati mawindo anali otseka. Anali otseka.

Eni fakitale anabwera osauza munthu. Atamva kuti sopo wachepa pamene basi sichedwa, anaganiza zokwera basiyo kuti amve okha zimene antchito amadandaula akakhala panjira. Analawirira ku fakitale, n'kukhala mpando wakumbuyo kuti asaopseze anthu. Dalaivala analiza basi. Anayendetsa mpaka ku uvuni, anaimika, anatsegula chitseko. Mvula inkawaza. Galu mmodzi anasuzumira pakhomo, anawayang'ana mayiwo, n'kubwerera pansi pa basi.

"Adalaivala, tafulumira kapena?"

"Ayi, mayi. Tafika nthawi yake."

"Nanga anthu?"

"Anthu ndi amene mwawaonawo, mayi."

Pobwerera mayiwo analamula kuti basi iime paliponse pamene pali wantchito wawo. Inalowa pageti itadzaza koyamba, mawindo atachita nthunzi, ndipo mayi wachikulire uja atakhala pafupi ndi eni fakitale akuwafotokozera zonse kuyambira pachiyambi.

Msonkhano unachitikira m'nyumba yosungiramo katundu, pafupi ndi sikelo yakale ya a Sikelo. Eni fakitale sanakweze mawu.

"Amene munasankha kumsika, kwezani mikono." Mikono yambiri inakwera. "Kumlatho." Inakweranso yambiri, yocheperapo pang'ono. "Ku uvuni."

Panalibe. Anthu anatembenuka uku ndi uku kufunafuna mfiti imene anaida nyengo yonse ija, koma aliyense manja anali pansi. Amayi awiri a mpeni aja anayang'anana, wina n'kugwira pakamwa.

"A Sikelo," anatero eni fakitale, "nanga ku uvuni kunachokera kuti?"

"Ku avereji, mayi."

"Avereji imeneyi imagwira ntchito mbali iti pa fakitale pano? Imakhala nyumba iti ku uvuniko? Ndikufuna ndiipepese, chifukwa lero taisiya."

Palibe amene anaseka mokweza, poti a Sikelo anali munthu wamkulu ndipo sanalakwirepo munthu mwadala. Koma mapewa ambiri ankagwedezeka. A Sikelo anaima chilili, akuyang'ana muvi wa sikelo yawo umene unali phee pa ziro.

Mpando unaperekedwa kwa mkulu wa zogulitsa, amene tsiku lake loyamba anangouza dalaivala kuti azilawirako pang'ono, ayambire kumlatho n'kudzera kumsika. A Sikelo anabwerera ku makatoni awo. Eni fakitale anawonjezera chinthu chimodzi. Anati akuluakulu onse a pa fakitale, kuphatikizapo a Sikelo, azipita ku koleji Loweruka lililonse kukachita kosi yaifupi ya sitatistikisi, kuti zoterezi zisadzachitikenso.

Madzulo amenewo a Sikelo anafika kunyumba n'kukhala patebulo osavula jekete. Anafotokoza zonse, kuyambira katoni yoboola mpaka galu. Akazi awo anaika cholembera pansi. Sanaseke.

"Manambala aja anali mayina, abambo," anatero mofatsa. "Mlembi akanayamba kulemba uvuni, kenako msika, kenako mlatho, avereji yanu ikanakutumizani kwina, anthu ake omwewo, zofuna zawo zomwezo. Munkangofunika kuwerenga kuti kumsika ndi angati, kumlatho ndi angati."

"Ndazindikira, mayi."

"Tsiku lija la goloyi, pepala limene munaliphimba lija linali limeneli?"

A Sikelo anavomera ndi mutu.

Mayiwo anakankhira mayeso a ophunzira pambali. "Mpandowo sukundipweteka kwenikweni. Chikundipweteka n'choti ndinali pompano, mbali iyi ya tebulo lomweli. Ana a eni ake amandifunsa tsiku lililonse, ena mafunso opanda mutu, ndipo ndimawayankha. Inu ndinakulakwirani chiyani kuti muziopa kundifunsa?"

"Si inu, mayi. Ndi alamu."

"Alamu anuwo galimoto ikawafera amathamangira kwa ndani? Si kwa inu? Munawamvapo akuchita manyazi?"

A Sikelo anaimirira. Anavula jekete n'kuikoleka pampando, ndipo kwa nthawi yoyamba anaona kuti tebulo lawolo linali laling'ono, loti munthu akatambasula mkono amakhudza mbali inayo.

Loweruka linafika. Akuluakulu a pa fakitale anakwera basi yomwe ija kupita ku koleji, n'kudzipanikiza m'madesiki opangira achinyamata. A Sikelo anakhala kutsogolo, mawondo akugunda thabwa. Chitseko chitatseguka analowa mphunzitsi atanyamula choko, ndipo mkulu wa zogulitsa, amene ankawadziwa mayiwo, anatsokomola n'kuyang'ana kudenga. M'mawa womwewo mphunzitsiyu anali atawasitira a Sikelo malaya amene anavalawo.

Mayiwo anapereka moni kwa onse mofanana, n'kulemba pa bolodi kuti phunziro loyamba ndi mitundu ya manambala. Anayamba ndi manambala amene ndi mayina chabe. Chitsanzo chabwino kwambiri chinali chitaimikidwa panja pa windo, dalaivala akugona m'kati mwake, ndipo aliyense m'kalasimo ankachidikira. Mayiwo sanayang'ane n'komwe kuwindoko. Anakamba za goloyi ndi wogoletsa.

Atafika pa manambala a kutentha, mkono unakwera kutsogolo, pang'onopang'ono, ngati ukunyamula mgolo wa mafuta.

"Aphunzitsi, pepani," anatero a Sikelo. "Pa ziro paja sindinamve bwino."

Mayiwo anatembenuka, choko chili m'manja, ndipo anawayang'ana amuna awo kanthawi ndithu.

"Funsani, bambo," anatero. "Nthawi ilipo."

Nthawi inalipodi, koma mpando unali utapita. Yankho limene a Sikelo analikwerera basi Loweruka linali litakhala nawo patebulo madzulo onse, likumwa nawo tiyi, ndipo iwo analiphimbira pepala ndi mkono. Anaona nambala yofanana ndi za pa sikelo yawo, anaiyesa uchi n'kuimeza osafunsa kuti ndi ya mtundu wanji. Akuluakulu sananame pamene anati safunsa anadya phula.